Tinkaidziwa injini ndi khutu

Awerengi, pali phokoso lina limene lazimirira m'misewu yathu popanda wolengeza maliro ake. Amene munabadwa kale pang'ono mukulidziwa: kubuula kwa Peugeot 404 itasenza matumba a kachewere, ikukwera chitunda pa giya yachiwiri, kapena kukhosomola kwa Datsun m'mawa wa mwezi wa Juni pa Dedza, chifunga chitaphimba phiri, anyamata anayi akuikankha kuti ilire. Masiku ano mukaima m'mbali mwa msewu wa M1 pa Bembeke kapena pa Chimbiya, galimoto zimangodutsa fyuu, zonse kulira kumodzi ngati makina osokera. Mutatsinzina simungasiyanitse Sienta ndi Probox.

Kale sizinali choncho ayi. Mwana wa sitandade 4 ankatha kunena ali m'nyumba kuti imene ikubwerayo ndi ya akutiakuti, ndipo lero yalemedwa. Amayi ogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu ankaidziwa matola yawo isanatulukire pa ngodya. Injini iliyonse inali ndi liwu lakelake ngati munthu, ndipo ikadwala inkadandaula momveka, woidziwa n'kumva pamene pakupweteka.

Nkhani yanga lero ndi ya mainjini akalewo pamodzi ndi mipikisano imene inawatchukitsa. Ena muti ndi zachibwana, dziko likulira kusowa kwa ndalama zakunja ndi kukwera kwa mafuta, munthu n'kumalemba za galimoto zothamanga. Dekhani pang'ono. Muona kuti nkhaniyi ikukhudza thumba la wageni aliyense amene ali ndi kagalimoto kake, komanso mwana wasukulu aliyense amene akusinkhasinkha za ntchito yodzagwira.

Galimoto ya m'sitolo pa mpikisano

Mipikisano ya galimoto ilipo ya mitundu yambiri. Ija ya Formula One, ya tigalimoto tooneka ngati ziwala, tiisiye apo, pakuti palibe amene anagulapo yoteroyo n'kunyamulira tomato. Ine ndikunena ya galimoto wamba, za mipando yakumbuyo ndi buti yoikamo katundu, zimene munthu ankaziona zikupambana, mawa lake n'kukapeza inzake ili pa windo la sitolo, mtengo wake utamatidwa pa galasi. Kuno ku Africa mfumu ya mipikisano yotere inali Safari.

Safari inayamba mu 1953 pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth, ndipo inkadutsa m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Inkachitika pa nyengo ya Pasaka, mvula ikugwa kumeneko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000, usana ndi usiku, m'misewu yafumbi imene sinkatsekedwa n'komwe. Dalaivala ankakumana ndi malole, ng'ombe, mitsinje yosefukira ndi matope ofika m'maondo, zinthu zimene aliyense wopita kwa Kasumbu kapena ku Lobi mwezi wa Febuluwale amazidziwa bwino. M'zaka zoyambirira galimoto zinkaikidwa m'magulu potengera mtengo wake wa m'sitolo. Ndiye kuti funso linali la wogula weniweni: pa ndalama zakutizakuti, ndi galimoto iti imene ingapirire misewu yathuyi?

Yankho linkabwera mopanda chisoni. Mu 1963 zinanyamuka galimoto zoposa 80, koma zimene zinafika kumapeto ndi 7 zokha basi, patsogolo pali Peugeot 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Mu 1966 ndi 1967 Bert Shankland wa ku Tanzania anapambana ndi galimoto ya mtundu womwewo. Mu 1968 zinabwereranso 7 zokha, Nowicki ndi 404 ali patsogolo kachiwiri. Kenaka inabwera mng'ono wake, 504, imene inapambana mu 1975 m'manja mwa Ove Andersson wa ku Sweden. Ndiye musadabwe kuti Peugeot inasanduka bulu wa Africa. Ku France anasiya kupanga 404 ya zitseko zinayi mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza galimotozi mpaka 1991.

Nkhani imene amakaniko akale ankaikonda koposa ndi ya 1965. Chaka chimenecho Joginder Singh wa ku Kenya ndi mng'ono wake Jaswant analowa mpikisanowu ndi Volvo PV544 yogwiritsidwa kale ntchito, yotopa ndi mipikisano ina, kaunjika weniweni. Anaikonza ndi manja awo, n'kugonjetsa nayo magulu otumidwa ndi makampani olemera a ku Ulaya. Joginder anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 ndi Mitsubishi Lancer, koma ya Volvo ija ndi imene inalowa m'mitima ya anthu a masipanala, poti inaonetsa kuti woidziwa injini yake angathe kuima ndi wandalama.

Nawo a ku Japan anatsukira nkhope zawo m'matope omwewo. Panali nthawi imene anthu ankanyoza galimoto zawo kuti ndi zitini. Edgar Herrmann anapambana mu 1970 ndi Datsun 1600 SSS, mu 1971 ndi Datsun 240Z ya masilinda 6. Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, anapambana kasanu, mu 1973 komanso zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1979 mpaka 1982, konseko ali m'galimoto za kampani yopanga Datsun. Onyoza anatseka pakamwa. Wageni wa lero amene amaitanitsa galimoto ku Japan pa intaneti asanaione ndi maso, adziwe kuti mbali ina ya chidaliro chakecho inabadwira kumeneko. Ndipo pafupi pompa, ku Zambia, Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense kangapo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Ku Joni ndi ku Mangalande galimoto wamba zinkapikisana pa mabwalo a tala, monga la Kyalami limene linatsegulidwa mu 1961 pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Kumenekonso lamulo linali lomangiriza galimoto ya mpikisano ku ya m'sitolo. Mu 1982 anakhazikitsa gulu lotchedwa Group A, limene linkafuna kuti kampani iyambe yapanga galimoto 5,000 zofanana m'miyezi 12 isanaloledwe kupikisana nayo. Ku South Africa malamulo akumeneko anabala Ford Sierra XR8 ya injini ya malita 5, imene anapanga pafupifupi 250 zokha, Opel Kadett Superboss, ndi BMW 325iS imene anyamata a ku Soweto anaitcha Gusheshe. Achimwene athu obwera ku Joni ankabwera ndi maina amenewa pamodzi ndi mawayilesi ndi majekete. Ku Mangalande nako, mu 1994, a Volvo anaseketsa anthu polowetsa 850 ya chibokosi, yooneka ngati Probox yathuyi, mu mpikisano wa mainjini a malita 2 ozungulira ka 8,500 pa mphindi imodzi.

Inde, galimoto za mpikisanozi ankazilimbitsa, kuzipepusa ndi kuzinola mainjini. Koma mafupa ake anali omwewo. Wotsegula boneti ya imene yapambana ankapeza injini imene makaniko wa pa Dedza akanailonjera ndi dzina.

Mpweya wa pa Dedza

Mwa anthu a kwathu, ndi ochepa zedi amene anaionapo Safari ndi maso. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, Safari yeniyeniyo itakalamba kale. Anthu ankaimvera pa wayilesi za kunja, kuiwerenga m'magazini akale, ndi kuiona pa makalendala opachikidwa m'magalaja, Datsun ili m'malere, matope ali mbwee. Nanga n'chifukwa chiyani anthu a pa Dedza ankaikonda chotere? Chifukwa chake chili mu mpweya umene timapuma.

Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri lake ili pa mamita 2,198. Munthu akamakwera m'mwamba mpweya umapepuka. Injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera kwake, ndipo injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300. Werengerani nokha: ikafika pa Dedza yataya kale pafupifupi 15 pa 100 ya mphamvu imene analemba m'buku ku France kapena ku Japan. Akavalo 70 asanduka 60, chonsecho matumba a kachewere sanapepuke.

Choipa china, kabuleta ndi chitsulo chopanda maso. Sidziwa kuti yakwera phiri. Imangothira mafuta pafupifupi monga inkathirira kuchigwa, pamene mpweya wachepa. Zotsatira zake ndi utsi wakuda, mapulagi odzaza mwaye, ndi petulo wongopsa pachabe. Galimoto imene yachunidwa bwino ku Salima kapena ku Nsanje inkafika pa Dedza itatsamwa. Makaniko wakuno ankayenera kudziwa kuchepetsa mafuta pa kabuleta ndi kusuntha nthawi ya moto pang'ono, ndipo zimenezi zinkachitika ndi khutu, popanda makina oyezera.

Mayeso ake enieni anali Khwekhwerere, msewu wokhotakhota uja wochoka pa Golomoti kukwera mpaka ku M1. Pamenepo galimoto imakwera mamita pafupifupi 1,000. Imanyamuka kotentha, mpweya uli wokwanira, n'kukafika kozizira ikupuma wefuwefu. Pamwamba pano madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, kotero chitsekero cha redieta chikangofooka, injini imabwata msanga. N'chifukwa chake matola iliyonse inkayenda ndi chigubu cha madzi ndi mwala woika kutayala. Potsika napo, wodalira mabuleki okha ankawapsereza asanafike pakati. Wodziwa ankatsikira giya yomwe anakwerera.

Tsono mzinda wa Nairobi uli pa mamita oposa 1,600, ndipo misewu ya Safari inkakwera kuposa pamenepo, n'kutsikanso m'zigwa zotentha. Galimoto imene yapambana kumeneko inali italemba mayeso ofanana ndi athu, n'kukhoza. Wogula pikapu pa Dedza sankafunika wonyengerera. Kalendala ya pa khoma ija inali setifiketi yokwanira.

Pansi pa bulugama

Ine za mainjinizi ndinazimvera kwa atsibweni anga, amene anali ndi kagalaja pansi pa mtengo wa bulugama kuseri kwa msika. Ndili mwana ndinkawatsukira mabawuti mu petulo nthawi ya tchuthi, ndipo nditasiyira panjira maphunziro a ukachenjede ndinabwerera komweko kwa miyezi ingapo. Zida zawo zinkakwana m'bokosi limodzi lachitsulo: masipanala, pulayala, jeke, ndi sikuludalaiva yaitali imene ankaigunditsa pa injini, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu ngati adokotala akumvetsera chifuwa.

Tsiku lina inabwera Nissan 1400, kapikapu kaja kamene ku South Africa anakapanga mpaka 2008, ikunjenjemera ngati ya malungo. Mwini wake anali atakonzeka kale kugula kabuleta ina. Atsibweni anangoti ailize, iwo n'kuima chapatali, mutu atapendeketsa.

"Mphwanga, tchera khutu. Ikuwerenga zingati?"

"Atsibweni, ine ndikungomva phokoso."

"Iyayi. Injini ya masilinda 4 imawerenga wani, fili, folo, thu. Iyi ikudumpha imodzi. Zula nthambo ya pulagi yachitatu."

Ndinazula, kulira kwake sikunasinthe. Silinda imeneyo inali itagona kale. Pulagi imodzi, nkhani n'kutha, mwini galimoto n'kubwerera ndi ndalama yake ya kabuleta m'thumba.

Anandiphunzitsa kuwerenga pulagi ngati kalata. Yakuda ndi mwaye, mafuta achuluka. Yoyera mbuu, mafuta achepa ndipo injini ikutentha. Yonyowa ndi oyilo, maring'i atha. Yofiirira ngati mtedza wokazinga, zonse zili bwino. Utsi nawo chimodzimodzi: wakuda ndi petulo, wobiriwira ndi oyilo, woyera wosaleka ndi madzi, ndiye kuti gasiketi yapsa. Mpata wa mapointi, wosakwana theka la milimita, ankauyeza ndi chikuto cha paketi ya fodya.

Koma chikondi chawo chinali pa 404. Injini yake ya 1,618 cc, yogona chopendekera, inali ndi timigolo tachitsulo moyenda mapisitoni, timene amakaniko amati masilivu, totha kuzulidwa. Ikatopa, munthu ankazula takale n'kulowetsa tatsopano pansi pa mtengo pomwepo, osanyamula injini kupita nayo ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukaiboola. Ankati amene anaipanga ankaganizira munthu wosauka wokhala kutali ndi tawuni. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo awa akomadi.

Tisanamizane

Komatu tisanamizane, abale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mainjini akalewo ankamwa mafuta ngati chidakwa. M'mawa wozizira ankafuna choko, pemphero ndi anyamata okankha. Mapointi ankapsa, kabuleta inkatsekeka ndi fumbi, ndipo injini inkafuna kumasulidwa pa mtunda umene ya masiku ano imakhala ikadali mwana. Ankamwa petulo wosakaniza ndi mtovu, chiphe chimene chimaononga ubongo wa ana, ndipo maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo ameneyu pofika kumayambiriro kwa 2006. Pikapu zija zinalibe chotetezera anthu okhala kumbuyo, ndipo mabanja ambiri a m'mbali mwa M1 ali ndi manda amene anakumbidwa chifukwa cha matola yogubuduka.

Injini ya lero ndi yabwino, tivomereze. Ija ya malita 1.5 imene ili mu Probox ndi Sienta zambiri ili ndi kompyuta imene imayeza mpweya wolowa, n'kuthira mafuta olingana nawo. Ikakwera Khwekhwerere imadzichuna yokha panjira, ntchito imene atsibweni ankathera nayo theka la tsiku. Imalira kamodzi ngakhale mu Julayi. Ndikanakhala wageni, sindikanasinthanitsa Probox ndi 404, ndipo inunso musatero.

Chimene chinaduka ndi chingwe chija chomanga mpikisano, sitolo ndi galaja. Chinayamba kuduka m'zaka za m'ma 1980, pamene gulu la Group B linalola makampani kupanga galimoto 200 zokha n'kupikisana nazo. Mu 1984 Toyota Celica ya tebo inapambana Safari, n'kubwerezanso zaka ziwiri zotsatira. Itatha ya 2002, Safari inachotsedwa pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse, ndipo inabwerera mu 2021 cha ku Naivasha, m'misewu yotsekedwa, mtunda wopikisanapo wosafika makilomita 400. Kuyambira 2022 galimoto za gulu lapamwamba zimamangidwa pa mafupa a mapaipi achitsulo, n'kuvekedwa khungu lofanana ndi ya m'sitolo. Imene mumaiona pa foni yolembedwa Yaris ija, ubale wake ndi Vitz yanu ndi wa dzina ndi nkhope basi. Kupambana kwake sikukuuzani kanthu za galimoto yoti mugule.

Chimene chatayika

Ndiye tikamalira za mainjini akale, tikulira chiyani? Ine ndikuona kuti tikulira nthawi imene munthu wakuda wa pansi pa mtengo ankaidziwa makina kuyambira kumutu mpaka kumchira. Galimoto zinasintha, zabwera zambirimbiri kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Durban, koma nzeru zozikonzera sizinakwere nawo sitimayo. Amakaniko ambiri asanduka osintha masipeya. Akalephera kumva vuto amayamba kulotera, ndipo maloto awo amalipira ndi mwini galimoto.

Mayi wina wageni, amene amapikula kachewere pa Bembeke n'kukagulitsa ku Lilongwe, anandidandaulira za Sienta yake. Inayamba kufooka pa zitunda, kumwa mafuta, kanyale kachikasu katayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Galaja yoyamba inasintha mapulagi. Yachiwiri inati ndi pampu ya mafuta. Yachitatu inasintha makoyilo onse anayi. Matenda ali pomwepo.

"Achimwene," anatero mayiwo, "phindu la mwezi wathunthu lapita, ndipo sabata ziwiri katundu ndakhala ndikukweza ya eni ake. Kapena andilodza?"

Sanalodzedwe ayi. Mnyamata wina anabwera ndi kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, n'kukalumikiza pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga pa foni yake. Kenaka anatsegula boneti, napeza sefa ya mpweya itang'ambika, fumbi litakuta kachida koyeza mpweya wolowa mu injini. Kompyuta inkanamizidwa, n'kumathira mafuta olakwika. Anatsuka kachidako, kugula sefa yatsopano, galimoto n'kudzuka. Taonani zodabwitsa: ndi matenda omwe aja a mpweya ndi mafuta amene atsibweni ankachiza ndi sikuludalaiva, angovala malaya ena.

Masipeya atatu osafunika aja sanapangidwe ku Kanengo kapena ku Ndirande. Anagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo nthawi iliyonse mitengo ya masipeya inalumpha. Chulukitsani nkhani ya mayi mmodziyu ndi galimoto zonse zimene zili m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Kulotera kwa amakaniko ndi bowo limene dziko likudonthera ndalama, ndipo palibe amene amaliwerengera.

Tichite chiyani tsono?

Choyamba ndi kuchotsa mantha. Kompyuta ya m'galimoto si ufiti. Injini ikadali yomwe ija: imakoka mpweya, kuupanikiza, kuuyatsa, n'kutulutsa utsi. Imafunabe zinthu zitatu, mpweya, mafuta ndi moto, pa nthawi yake. Chimene chasintha n'chakuti kale inkadandaula ndi mawu, lero imalemba kalata. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kabowo ka timano 16 pansi pa chiwongolero, potsatira dongosolo la OBD-II limene ku America linakhala lamulo mu 1996. Mukalumikizapo choyezera, galimoto imatchula nambala. P0300 ikutanthauza kuti moto ukudumphadumpha m'masilinda. P0171 ikutanthauza kuti mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya.

Koma nambalayo imangoloza mudzi, siloza khomo. Ikati mafuta achepa, mwina ndi pampu, mwina ndi paipi yong'ambika imene ikuba mpweya, mwina ndi kachida kakuda ndi fumbi. Apa ndi pamene pakufunika mutu wa atsibweni uja, wofunsa kaye, kumvetsera, kununkhiza, kuyesa chotchipa asanagule chodula. Mnyamata wa foni wopanda nzeru zakalezo adzangosintha chilichonse chimene nambala yatchula. Mkulu wa khutu wokana foni adzakhala akulotera. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Kwa inu ana asukulu, makamaka amene mwamaliza fomu 4 kapena muli ku makoleji mukudandaula kuti ntchito kulibe, ntchito ndi imeneyi. Mumadziwa Chingerezi chowerengera mabuku a galimoto, mumadziwa foni ndi intaneti. Chimene mulibe ndi manja akuda. Pitani kwa akulu amene atsala, muwatsukire mabawuti, muwafunse, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo fulumirani, chifukwa galimoto zoyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Aqua ndi Prius, zafika kale, ndipo zili ndi magetsi oposa mavoti 100 amene angaphe munthu wogwira mwaumbuli. Wozidziwa bwino sadzagona ndi njala.

Kwa a TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pamodzi ndi makoleji monga a Lilongwe, Namitete, Salima ndi Soche, pempho langa ndi lakuti muchulukitse maphunziro afupiafupi, a sabata ziwiri kapena zitatu, m'Chichewa, opita kumene kuli amakaniko, pa Dedza, pa Lizulu, pa Linthipe. Bambo wa ana asanu sangatseke galaja zaka zitatu kukakhala m'kalasi, koma masana a Loweruka angapezeke.

Kwa inu ageni anzanga, galimoto ndi khasu lanu, ndiye idziweni. Makaniko asanamasule kanthu, mufunseni kuti wayeza chiyani ndipo wapeza chiyani. Sipeya yakale akupatseni m'manja. Sefa ya mpweya muziiyang'ana nokha, makamaka miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala, poti mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi zimene imateteza. Ndipo amene wakuuzani kuti vuto ndi laling'ono, n'kulikonza m'mphindi khumi, musamunyoze pomulipira. Mwagula nzeru zake, ndipo zakupulumutsirani ndalama ya pampu.

Chotsiriza ndi cha mainjini akale enieniwo. M'midzi ya kwa Kaphuka, kwa Kachere ndi kwa Kamenyagwaza mukadali mitembo ya 404, 504 ndi Datsun, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo ogula zitsulo zakutha akuzitola pa mtengo wa kilo. Musagulitse zonse. Palibe buku limene lingaphunzitse mwana mmene injini imagwirira ntchito kuposa injini ya kabuleta yomasulidwa pa tebulo, pamene chilichonse chimaoneka ndi maso n'kugwirika ndi manja. Sukulu ya sekondale iliyonse m'boma la Dedza itapeza imodzi, ana n'kuimasula, kuimanga, mpaka kuiliza, tingapeze amakaniko ndi mainjiniya ambiri kuposa amene tikuwapeza pojambula mapisitoni ndi choko pa bolodi. Eni mitemboyo alipo, aphunzitsi a sayansi alipo, ndipo akulu oidziwa akadalipo owerengeka. Chatsala ndi woyamba kukagogoda pa khomo la mnzake.